BONETI YOSATSEKEKA BWINO NDI MSAMPHA PA MSEU

Kukolola kukatha, miseu ya m'boma la Chadiza siigona. Magalimoto amanyamula cimanga, nshawa, soya ndi thonje kucokera m'midzi ya mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume. Ena amalinga ku misika ya pa Boma, ena ku Chipata, enanso ku Katete. Pamwamba pa matumba pamakhala anthu, ndipo m'galimoto yomweyo nthawi zina mumakhala mai wodwala amene afulumira naye ku cipatala.

Woyendetsa wanzeru asananyamuke amatsegula boneti, ndico civinikiro ca citsulo cimene cimabisa injini, kuti aone madzi ndi mafuta. Zimenezi nzoyamikika. Koma ambiri akatha kuona zonsezo amatseka mwa cisawawa, osadziwa kuti pa kutseka pomwepo ndi pamene pagona ngozi. Wina amaimenyetsa ngati wayambana nayo. Wina amaigoneka pang'onopang'ono ngati khanda, kenaka naikanikiza ndi manja onse awiri. Onsewa alakwa.

Kuti timvetse bwino, tiyambe taona m'mene boneti imagwirira. Kutsogolo kwace kuli maloko awiri. Loko woyamba, ndiye wamkulu, amamasuka pamene woyendetsa akoka kacogwirira kamene kali m'kati mwa galimoto, pafupi ndi mawondo ace. Kacogwirirako kali ndi nthambo ya waya yofika ku loko. Waciwiri ndi kambedza kamene munthu amakankha ndi cala ataima kutsogolo kwa galimoto. Kambedzaka ndi mlonda cabe. Anakaika kuti kagwirize boneti ngati loko wamkulu walephera. Tsono boneti ikatsekedwa mofooka, imakodwa pa kambedza kokha. Poiona ndi maso ioneka ngati yatsekeka, koma mtolo wonse uli pa kacitsulo kocepa ngati cala.

Pa mseu wa fumbi wokhala ndi mabampu ndi maenje, galimoto imanjenjemera kosalekeza, ndipo kambedza kaja kamagwedezeka. Pofika pa mseu wa tala woyendetsa amaonjeza liwiro, mphepo niilowa pa mpata umene watsala. Kambedza kakangotaya, boneti imadzuka kamodzin'kamodzi ndi kumenya galasi la kutsogolo, ndipo woyendetsa saonanso kanthu. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. M'masekondi atatu okha a kudzidzimuka, yapita kale mamita opitirira 60 popanda woiona njira. M'mamita amenewo mungakhale mwana wa sukulu, wokwera njinga, ngolo ya ng'ombe kapena mlatho wopapatiza. Akulu anati tsoka silinunkha.

Nanga katsekedwe koyenera nkotani? Coyamba, yang'anani m'kati musanatsitse. Cotsani sipanala, nsanza ndi botolo la mafuta. Onani kuti cotsekera mafuta, cotsekera madzi ndi kacitsulo koyezera mafuta zabwerera m'malo mwace. Sipanala yoiwalika pa batire ingakhudze mitu yonse iwiri ndi kubutsa moto, ndipo nsanza ingakodwe mu lamba wa injini.

Caciwiri, gwirani boneti ndi dzanja limodzi, ndipo ndi linalo cotsani kandodo ka citsulo kocirikiza, mukagoneke m'kagwiriro kace kufikira katagwira. Amene amakoka boneti kandodo kasanacoke amapinda boneti ndi mahinjesi omwe. Magalimoto ena alibe kandodo, ali ndi timipope ta mpweya togwiriza boneti. Amenewo muyenera kungokoka ndi manja kufikira boneti itayamba kutsika yokha.

Cacitatu, onani kuti palibe dzanja la munthu m'mphepete. Ana a kumudzi amakonda kuunjirira galimoto ikaima, ndipo mnyamata wothandiza amakhala atatsamira pambali. Auzeni afutuke, osangoganiza kuti akuonani.

Cacinai, tsitsani boneti ndi manja kufikira patatsala masentimita 20 kapena 30, ndiwo utali wonga wa cikhatho cotambasula kapena kupitirirapo pang'ono. Pamenepo itayeni igwe yokha. Kulemera kwace ndiko kumakankhira citsulo m'kamwa mwa loko wamkulu, ndipo mudzamva kulira kumodzi kolimba. Kuiponya kucokera pamwamba penipeni kumaononga loko, mahinjesi ndi nyali za kutsogolo. Kuikanikiza ndi zikhatho kumasiya zibowo pa citsulo, makamaka pa magalimoto a masiku ano amene maboneti ace ena ndi a aluminiyamu, citsulo copepuka cosacedwa kupindika.

Cacisanu, ndiponso cimene ambiri amaiwala: yesani. Lowetsani zala pansi pa mlomo wa boneti ndi kukokera m'mwamba. Ikagwedezeka kapena kutukuka pang'ono, siinatsekeke. Onaninso ngati yalingana ndi mbali zonse ziwiri za galimoto. Ngati siinagwire, musaikanikize. Itseguleninso, muitaye kucokera pokwererapo pang'ono. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Loko nayenso afuna cisamaliro. Fumbi la m'cilimwe likasakanizika ndi mafuta akale limauma ngati dothi la ciulu, ndipo matope a m'dzinja amabala dzimbiri. Zikatero kasipuling'i kobweza kambedza kamafooka, kambedza nikakhala kotseguka. Tsukani loko ndi palafini pang'ono ndi mswaci wakale, pukutani, ndipo pakani gilizi watsopano. Citani zimenezi mvula isanayambe ndiponso ikatha. Kankhani kambedza ndi cala. Kakapanda kubwerera kokha msanga, pitani kwa makanika. M'makona mwa boneti muli timipira tiwiri timene boneti imatsamirapo. Tikatha kapena tikagwa, boneti imagogoda pa ulendo wonse ndi kudya loko.

Munthu asaganize kuti ili ndi bvuto la magalimoto okalamba a kumudzi okha. M'caka ca 2020 kampani ya Nissan inaitanitsa magalimoto a mtundu wa Altima okwana pafupifupi 1.8 miliyoni ku America, opangidwa m'zaka za 2013 kufikira 2018, cifukwa dzimbiri linali kumanga kambedza kaciwiri kuti kasagwire. Ngati dzimbiri linatero ku maiko a miseu yosalala, kuli bwanji kuno kumene galimoto imaoloka mitsinje ndi kusamba fumbi tsiku ndi tsiku?

Pali cizolowezi cina cimene tiyenera kucidzudzula: kumanga boneti ndi malegeni kapena waya loko akathyoka. Malegeni ndi abwino pomanga thumba pa njinga. Pa boneti amapsa ndi kutentha kwa injini ndi dzuwa, ndipo amaduka osacenjeza. Kumanga kotere kukhale kongofikitsa galimoto kwa makanika, ndiponso pa liwiro locepa. Mtengo wa loko ndi wocepa poyerekeza ndi galasi la kutsogolo, ndipo moyo wa munthu ulibe sitolo. Bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la caka ca 2002, limayesa magalimoto ngati ali oyenera kuyenda. Koma woyesa sakhala nanu m'mawa uliwonse pamene mutsegula boneti pabwalo panu.

Ngati tsoka lagwa, boneti yadzuka muli pa liwiro, musaponde mabuleki mwadzidzidzi, pakuti wa pambuyo angakugundeni. Gwirani ciongolero zolimba, cotsani phazi pa mafuta, suzumirani pa mpata umene umatsala pansi pa boneti kapena pa zenera la kumbali kwanu, yatsani nyali zocenjeza, ndipo patukirani kumanzere pang'onopang'ono kufikira mutaima.

Inunso okwera muli ndi mbali yanu. Mukaona mlomo wa boneti ukubvina galimoto ili paulendo, musacite manyazi. Uzani woyendetsa aime. Bwino kucedwa mphindi imodzi pa mseu wa Chadiza kusiyana ndi kusafika konse ku Chipata.