Kusintha zipangizo za kompyuta yakale ya patebulo

Kusintha zipangizo za kompyuta ndi ntchito yochotsa zinthu zina za mkati mwa makina akale n'kuikamo zamphamvu, m'malo mogula kompyuta yatsopano. Mumzinda wa Mzuzu makompyuta ambiri a m'masukulu, m'maofesi ndi m'malo osindikizira zikalata anabwera atagwira kale ntchito kunja. Ena amafika kudzera ku bungwe la Turing Trust la ku Scotland, lomwe linagwira ntchito ndi Centre for Youth and Development ya ku Mzuzu popereka makompyuta okonzedwanso kusukulu za m'chigawo cha kumpoto. Zipangizo zonse zimachokera kunja, ndipo kuyambira pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu akagula chipangizo cholakwika amataya ndalama zambiri.

Chosungira mafayilo

Pa makina ambiri akale, chimene chimachedwetsa ntchito ndi hard disk. Mkati mwake muli mbale zimene zimazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kasingano kamene kamayendayenda kufunafuna fayilo. SSD ilibe chinthu choyenda. Ya mtundu wa SATA imawerenga pafupifupi 500 MB pa sekondi, pamene hard disk imawerenga pakati pa 100 ndi 200 MB, ndipo kusiyanaku kumakula kwambiri potsegula timafayilo tating'ono tambirimbiri, zomwe Windows imachita nthawi iliyonse ikamayaka. N'chifukwa chake kompyuta ya zaka khumi ikaikidwa SSD imaoneka ngati yasanduka ina. Waya wake ndi womwewo wa hard disk. Hard disk yakaleyo siyenera kutayidwa: ikhoza kutsala m'katimo n'kumasunga zithunzi ndi makope a zikalata.

RAM

Ngati makina amaima munthu akatsegula masamba angapo a intaneti pamodzi ndi Word, vuto limakhala RAM. Pulogalamu ya Task Manager imasonyeza kuchuluka kwa RAM imene ikugwira ntchito. Ikamakhala yodzaza nthawi zonse, kuwonjezera kumathandiza. Kuchoka pa 4 GB kufika pa 8 GB kumakwanira ntchito za kusukulu ndi za mu ofesi. Apa ndi pamene ogula ambiri amalakwitsa. DDR3 ndi DDR4 sizilowana, chifukwa kampata kake kali pamalo osiyana, ndipo RAM ya laputopu ndi yaifupi moti singalowe m'makompyuta ambiri a patebulo. Komanso Windows ya 32-bit sitha kugwiritsa ntchito RAM yopitirira 4 GB, ngakhale itaikidwamo yochuluka bwanji.

Purosesa ndi khadi la zithunzi

Purosesa imangolowa pa motherboard ya m'badwo wake kapena wa pafupi nawo, choncho phindu la kuisintha limakhala lochepa. Khadi la zithunzi limafunika kwa ojambula mapulani a nyumba ndi okonza mavidiyo, koma makina ang'ono a Dell OptiPlex ndi HP a mu ofesi ali ndi malo opanikiza komanso power supply yofooka, imene nthawi zina imakhala ya mapulagi akeake.

Magetsi ndi fumbi

Magetsi a ESCOM akathima mwadzidzidzi, mafayilo amene anali kulembedwa amawonongeka, ndipo m'nyengo ya mvula mphezi ikhoza kuwotcha power supply ndi motherboard. Kumalo otere kugula UPS kungakhale kwanzeru kuposa kuwonjezera liwiro. Kompyuta imene imazima yokha ikatentha nthawi zambiri imangofuna kupukuta fumbi pa fani ndi kupaka thermal paste watsopano. Imene imaiwala tsiku ndi nthawi imafuna kabatire ka CR2032.

Pamene kusintha sikuthandiza

Kampani ya Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ya AMD yofanana nayo. SSD ndi RAM sizingathetse zimenezi. Makina akale kuposa apo akhoza kupitiriza ntchito ndi Linux Mint kapena Ubuntu, zomwe ndi zaulere. Ngati motherboard yapsa, kusintha kumakhudzanso purosesa ndi RAM, ndipo mtengo wake umayandikira wa kompyuta ina yogwiritsidwapo kale ntchito. SSD imene inagulidwa poyamba ikhoza kusamutsidwira m'makina enawo.