Mutu 6: Basi ya Ana a Sukulu Ikachita Ngozi, Alipire Ndani?

Mawu otsogolera

Pa ntchito yanu ya uphunzitsi mudzapitako ndi ana ku mpira, ku mpikisano wa kwaya kapena kokaona malo. Mukatha mutu uno mudzatha kusiyanitsa mlandu wopalamula ndi mlandu wa chipukutamisozi, kutchula amene angalipire pakachitika ngozi, ndiponso kufotokoza udindo wanu.

Milandu ilipo iwiri

Pa 25 Ogasiti 2010, ku Blackheath pafupi ndi Cape Town, minibasi yonyamula ana 14 a sukulu inapitirira magalimoto amene ankadikira sitima, n'kulambalala chotchinga panjanji. Sitima inaiwomba ndipo ana 10 anafa. Khoti linagamula kuti dalaivala, Jacob Humphreys, akakhale kundende zaka 20 pa mlandu wakupha. Mu 2013 khoti la apilo linasintha mlanduwo kukhala wopha anthu chifukwa chosasamala, ndipo zaka zinatsika kufika pa 8.

Taganizirani: kodi kumangidwa kwa dalaivala kungalipire chipatala cha mwana wovulala? Ayi ndithu. Mlandu wopalamula ndi wa boma, ndipo cholinga chake n'kulanga. Chipukutamisozi chili ndi njira yakeyake, ndipo nthawi zambiri sichibwera chokha: makolo ayenera kuchita kuchiitanitsa.

Angalipire ndani?

Woyamba ndi dalaivala, ngati zatsimikizika kuti anathamanga kwambiri, analedzera kapena anaphwanya malamulo ena a pamsewu. Koma madalaivala ambiri alibe chuma choti n'kulipira mabanja khumi.

Wachiwiri ndi mwini basi. Lamulo limati wolemba ntchito amasenza zolakwa zimene wantchito wake wachita ali pantchito. Mwini basi amayankhanso payekha ngati mabuleki kapena matayala anali otha.

Wachitatu ndi kampani ya inshulansi. Ku Malawi ndi ku Zambia, galimoto iliyonse yoyenda pamsewu iyenera kukhala ndi inshulansi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze. Komatu inshulansi ili ndi malire a ndalama, ndipo zotsalazo zimafunidwa kwa mwini galimoto. Kampani ikhozanso kukana kulipira ngati galimoto inagwira ntchito yosiyana ndi imene inalembedwa, monga lole ya katundu kunyamula ana.

Ku South Africa njira ndi ina. Kumeneko kuli thumba la Road Accident Fund, limene ndalama zake zimachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto, ndipo ovulala amaitanitsa chipukutamisozi ku thumbalo m'malo mwa dalaivala. Botswana ndi Namibia alinso ndi matumba otere.

Wachinayi ndi sukulu, ndipo apa mpamene nkhaniyi ikukukhudzani inu.

Udindo wa mphunzitsi

Ana akakhala m'manja mwanu, lamulo limayembekezera kuti muwasamale monga angachitire kholo lanzeru. Khoti silifunsa ngati munali ndi mtima wabwino. Limafunsa kuti: kodi munthu wosamala akanaona kuti pangachitike ngozi, nanga akanachita chiyani? Ngati munalongeza ana 90 m'basi ya anthu 65, kapena munamva fungo la mowa kwa dalaivala koma n'kungoti "tachedwa kale, tiyeni", sukulu ikhoza kupezeka yolakwa ngakhale basiyo inali yahayala. Pa sukulu ya boma, kawirikawiri boma ndilo limasumiridwa, koma inu mukayankhabe mafunso kwa okulembani ntchito.

Nanga kalata imene makolo amasaina? Kalatayo ndi umboni woti analola mwana kupita. Musaidalire ngati chishango, chifukwa makhoti savomereza msanga kuti kholo linalola kuti mwana wake asasamalidwe.

Musananyamuke, onani ndi maso anu laisensi ya dalaivala, pepala la inshulansi ndi chiphaso chosonyeza kuti basi ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Werengani mipando. Mndandanda wa mayina a ana ukhale pawiri, wina mutenge, wina utsale kwa aphunzitsi aakulu.

Ngozi ikachitika

Thandizani ovulala kaye, kenako dziwitsani apolisi, aphunzitsi aakulu ndi makolo. Mwana aliyense akaonedwe kuchipatala, ngakhale amene akuoneka bwinobwino, pakuti kuvulala kwa m'mutu nthawi zina kumadziwika mochedwa. Lembani nambala ya galimoto, nthawi, malo ndi mayina a mboni tsiku lomwelo. Lipoti la apolisi, la dokotala ndi malisiti onse ndiwo umboni poitanitsa ndalama za chipatala, za maliro kapena za kulumala.

Langizani makolo kuti asathamangire kusaina pepala lililonse chifukwa cha chipepeso chimene mwini basi wabweretsa pamaliro. Aonane kaye ndi loya, kapena ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu. Asachedwenso, popeza nthawi yokasuma ili ndi malire.

Ntchito

1. Fotokozani kusiyana kwa mlandu wopalamula ndi wa chipukutamisozi.
2. Komiti ya sukulu yapeza lole yotchipa yopitira ku mpira. Lembani zimene mungawauze atcheyamani.
3. Lembani zimene sukulu yanu imachita ulendo usanayambe. N'chiyani chikusowa? Kambiranani ndi aphunzitsi anzanu.