Mbava za lero timazitsegulira tokha chitseko

Kale mbava inkadziwika. Inkabwera usiku ndi chikwanje, n'kuboola khoma kapena kuthyola loko, ndipo kukacha mudzi wonse unkalondola mapazi ake. Lero zinthu zasintha, abale anga. Munthu amagona chitseko chili chokhoma, agalu osauwa, koma podzuka n'kupeza kuti ndalama zake zonse za ku banki zapita. Wakubayo mwina ali kutsidya kwa nyanja, ndipo dzina la mudzi wanu salidziwa n'komwe.

Chida cha mbava zimenezi ndi kachilombo ka m'kompyuta kapena m'foni. Si kachilombo kamoyo ayi, koma kapulogalamu komwe anthu achinyengo amakonza kuti kazibisala m'makina anu n'kumasuzumira zonse zimene mukuchita mukamalowa ku banki kudzera pa intaneti.

Kachilombo kamene kadatchuka kwambiri pa ntchito yonyansayi ndi Zeus, komwe kadadziwika m'chaka cha 2007. Kankabwera ngati kalata ya pa imelo yooneka yaulemu. Munthu akangodina linki kapena kutsegula fayilo ya m'kalatamo, basi kalowa. Kenaka kankakhala phee, kudikira tsiku limene mwini kompyutayo adzatsegule tsamba la banki yake. Chilembo chilichonse chimene iye ankalemba, iko kankajambula n'kutumiza kwa eni ake. Kuchenjera kwake, kankathanso kuonjezera mafunso abodza pa tsamba lenileni la bankiyo, munthu n'kumayankha ndi mtima umodzi poganiza kuti akufunsa ndi a banki.

Mu Okutobala 2010, apolisi a FBI a ku America adalengeza kuti gulu lina logwiritsa ntchito Zeus lidaba ndalama pafupifupi madola 70 miliyoni. Anthu ambiri adamangidwa ku America, ku Britain ndi ku Ukraine. Koma taonani izi: ambiri mwa omangidwawo sadali eni kachilomboko. Adali anthu wamba, ena ana a sukulu, omwe adavomera kutsegula maakaunti oti ndalama zakubazo zizidutsiramo, iwo n'kumalandirapo kangachepe.

Mtundu wina wa kachilomboka, Gameover Zeus, udabetsa anthu ndalama zoposa madola 100 miliyoni usadathyoledwe msana m'chaka cha 2014. Chaka chotsatira FBI idalonjeza mphotho ya madola 3 miliyoni kwa amene angathandize kugwira Evgeniy Bogachev wa ku Russia, yemwe adamuganizira kuti ndiye mtsogoleri.

Mwina wina anena kuti, “Ine kompyuta ndilibe, zimenezo n'za azungu.” Pepani amangwetu, mbava zimapita kumene kuli ndalama, ndipo ndalama zathu masiku ano zili m'foni. Kumapeto kwa 2020 kudabuka FluBot, kachilombo kogwira mafoni a Android. Munthu ankalandira uthenga woti katundu wake wafika, adine linki kuti aone pamene ali. Akadina, ankauzidwa kuti aike pulogalamu ina m'foni. Pulogalamuyo inkaphimba chithunzi cha banki yeniyeni ndi china chabodza, inkawerenga manambala achinsinsi amene banki imatumiza pa uthenga, ndipo inkatenga manambala a abale ndi anansi kuti msamphawo ufikenso kwa ena. Kadazunza anthu ku Spain, Finland ndi maiko ena mpaka apolisi a ku Netherlands adakaphwasula mu Meyi 2022.

Kodi mwaona chimene chikufanana m'nkhani zonsezi? Palibe pamene wakuba adathyola chitseko. Mwini nyumba ndiye adatsegula ndi chala chake. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Uthenga woti mwapambana mphotho, kapena woopseza kuti akaunti yanu itsekedwa lero lomwe, cholinga chake n'chimodzi: kuti muchite phuma musadaganize.

Nanga titani? Choyamba, uthenga uliwonse wokufulumizitsani kudina linki muukayikire, ngakhale utachokera pa nambala ya mlamu wanu, chifukwa mwina foni yakeyo ndi imene yadwala. Muimbireni mumufunse. Mapulogalamu muzitenga ku Google Play kapena ku App Store basi, osati otumizirana pa WhatsApp. Ndipo pulogalamu ya tochi kapena ya masewera ikamapempha chilolezo chowerenga mauthenga anu, dzifunseni kuti ikufuna kutani nawo.

Chachiwiri, foni kapena kompyuta ikakuuzani kuti pali zokonza zatsopano, musamaumire bandulo. Zokonzazo ndi zimene zimatseka ming'alu yolowera tizilomboti. Za ku banki musachitire pa kompyuta ya pa malo olipiritsa intaneti kapena pa foni yobwereka. Nambala yanu yachinsinsi ndi yanu nokha. Banki yeniyeni siifunsa pa foni kapena pa uthenga. Pemphaninso a banki kuti azikutumizirani uthenga nthawi iliyonse imene ndalama zatuluka.

Zikakuonekerani, musabise chifukwa cha manyazi. Imbirani banki yanu nthawi yomweyo pa nambala imene mumaidziwa kale kuti atseke akaunti, musinthe mawu achinsinsi pogwiritsa ntchito foni ina, ndipo yodwalayo ifufutidwe zonse, iyambirenso ngati yatsopano. Kaneneninso ku polisi, pakuti kuno kwathu lamulo lokhudza milandu ya pa intaneti lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2016.

Pomaliza, achinyamata inu, wina akakupemphani kuti ndalama zake zidutsire mu akaunti yanu kuti akupatseniko ya sopo, kumbukirani ana a sukulu aja a mu 2010. Mwini kachilombo amakhala kutali, unyolo umagwera iwe amene dzina lako lili pa akaunti.

Ndalama ya fetereza kapena ya fizi ya mwana timaipeza movutika. Tisaitaye ndi chala chathu chomwe. Wakutsina khutu ndi mnansi.