Mchere Wobisika M'timibulu Tokometsera Ndiwo

Amayi anzanga, dzuwa likapendeka ambiri a ife timatuma mwana kugolosale kuti akagule kambulu kokometsera ndiwo kapena kapaketi ka ufa wa supu. Ndiwo zimakomadi, abambo akunyumba mpaka kunyambita zala. Koma kodi tidayamba tadzifunsa chimene chili m'kambuluko?

Mbiri ya zokometserazi idayambira kutali. M'chaka cha 1908 katswiri wina wa ku Tokyo m'dziko la Japan, dzina lake Kikunae Ikeda, adafuna kudziwa chimene chimakometsa msuzi wa ndere za m'nyanja umene anthu akwawo amaukonda. Adapeza kuti ndi chinthu chotchedwa glutamate. Mu 1909 chinthuchi chidayamba kugulitsidwa ngati ufa woyera pa dzina loti Ajinomoto. Ufa umenewu ndiwo umatchedwa MSG, ndipo pa mapaketi ena umalembedwa kuti E621.

Tsono glutamate si mlendo m'miphika mwathu. Alimo m'matimati akupsa bwino, m'bowa ndi m'nsomba zouma. N'chifukwa chake usipa wothira matimati ambiri umakoma wokha popanda chogula. Akatswiri a zakudya adafufuza MSG kwa zaka zambiri, ndipo adapeza kuti pa muyeso umene timathira m'ndiwo savulaza munthu.

Choopsa chili pena, ndicho mchere. M'timibulu tambiri mchere ndiwo umachuluka kuposa china chilichonse. Mukatenga paketi, werengani zimene adasakanizamo: chochuluka chimalembedwa poyamba, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti ndi mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza. Nanga mayi akathira kambulu, nawonjezera mchere wapamanja, pamene m'mawa banja ladya buledi wopaka majarini, muyesowo sunapitirire kale?

Mchere wochuluka umakweza kuthamanga kwa magazi. Matendawa amabwera mwakachetechete. Munthu amalima, kutunga madzi ndi kuseka osamva kanthu, kufikira tsiku limene wafa ziwalo mbali imodzi, kapena mtima ndi impso zafooka. Banja lonse limadya kuchokera mumphika umodzi, choncho dzanja la wophika ndilo limayeza mchere wa aliyense, kuyambira agogo mpaka mwana.

Sitikunena kuti mutaye timibuluto. Koma mukathira kambulu musawonjezere mchere musanalawe, ndipo mumphika waung'ono theka lake n'lokwanira. Kazingani anyezi mpaka afiire, psitsani matimati, tendererani masamba ndi nsinjiro, ndipo pa nsomba finyirani ndimu. Chepetsani mchere pang'onopang'ono, pakuti lilime limazolowera pakapita masabata owerengeka. Mukapita kusikelo kapena kuchipatala, pemphani anamwino akuyezeni kuthamanga kwa magazi, ndipo muwakumbutse abambo kuti nawonso akayezetse.