Aphungu amene amafunsa MACRA mafunso

Netiweki ikathawa ku Goliati, mayi wothyola tiyi amene akudikira ndalama za pa foni kuchokera kwa mwana wake wa ku Joni amangodandaula za kampani. Za Lilongwe saganizako. Komatu ku Nyumba ya Malamulo kuli aphungu amene nkhani ngati imeneyi ndi yawo: komiti yoona zofalitsa nkhani ndi mauthenga.

Komitiyi simanga nsanja za netiweki, ndipo sipereka ziphaso. Ziphaso za wailesi, za kanema ndi za makampani a foni zimachokera ku MACRA, bungwe lomwe linabadwa ndi lamulo la 1998, lamulo lomwe linalembedwanso mu 2016. Ntchito ya aphungu ndi kufunsa. Amaitanitsa akuluakulu a MACRA, a MBC ndi a unduna wa zofalitsa nkhani kuti afotokoze mmene ndalama zayendera, chifukwa chimene mabandulo akukwerera, ndi madera amene thumba lofikitsira netiweki kumidzi lawafikira. Bilu ikatumizidwa kwa iwo, amamva maganizo a mabungwe monga MISA Malawi, kenaka n'kukapereka lipoti ku Nyumba yonse.

Mphamvu yawo imathera pomwepo. Lipoti ndi malangizo chabe. Sachotsa munthu ntchito, satseka wailesi.

Anthu a ku Goliati akhoza kuona zimenezi pa mbiri ya ana a kwawo awiri. Mu 2011 Bingu wa Mutharika, amene anagona ku Ndata, anasaina kusintha kwa gawo 46 la malamulo a milandu, lomwe linapatsa nduna mphamvu yoletsa nyuzipepala. Nyumba ya Malamulo inalifafaniza mu 2012. Mng'ono wake, Peter Mutharika, yemwe anakhalapo phungu wa Thyolo East, anasaina mu February 2017 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma, lomwe aphungu anavomereza mu December 2016. Koma linangokhala m'kabati kudikira nduna kuti itchule tsiku, mpaka pa 30 September 2020. Zaka zoposa zitatu, aphungu akungokumbutsa!

Lero munthu wa ku Goliati angathe kulembera khonsolo ya Thyolo kufunsa mmene ndalama za chitukuko zagwirira ntchito, ndipo yankho liyenera kubwera pasanathe masiku 15 a ntchito. Akamuzemba, akadandaule ku Malawi Human Rights Commission, yomwe imayang'anira lamuloli. Za netiweki, akauze phungu wake kuti akazitule ku komiti.