Khoti kapena voti: njira ziwiri za South Africa ndi Ireland

South Africa ndi Ireland ndi maiko amene Amalawi ambiri amawadziwa, ena chifukwa chogwirako ntchito, ena chifukwa cha abale amene amatumiza thandizo kuchokera kumeneko. Lero maiko awiriwa amalola amuna okhaokha kapena akazi okhaokha kumanga ukwati wovomerezeka ndi boma. Koma njira zimene anadzera n'zosiyana kwambiri. South Africa inadzera ku khoti, pamene Ireland inafunsa anthu ake pa voti.

Ku South Africa nkhaniyi inayambira m'malamulo aakulu a dziko a 1996. Anthu amene anawalemba anali atangotuluka mu ulamuliro wa tsankho, ndipo pa gawo 9 analetsa kusala munthu chifukwa cha khungu, chipembedzo, ngakhalenso chifukwa choti amakopeka ndi amuna kapena akazi anzake. Amayi awiri, Marié Fourie ndi Cecelia Bonthuys, atakanizidwa kulembetsa ukwati wawo, anadalira gawo limeneli. Pa 1 Disembala 2005 khoti loona za malamulo aakulu linagamula kuti iwo akulondola. Amene analemba chigamulocho ndi woweruza Albie Sachs, bambo amene anaduka mkono mu 1988 ku Maputo bomba litaphulika m'galimoto yake chifukwa cholimbana ndi tsankho. Khotilo linapatsa Nyumba ya Malamulo chaka chimodzi kuti ikonze lamulo. Pa 14 Novembala 2006 aphungu 230 anavomereza, 41 anakana, ndipo chipani cha ANC chinali chitalamula aphungu ake kuti avomere. Lamulo la Civil Union Act linayamba kugwira ntchito pa 30 Novembala, kutatsala tsiku limodzi kuti nthawi ya khoti ithe. South Africa inakhala dziko lachisanu padziko lonse, ndi loyamba mu Africa, kuchita zimenezi.

M'chaka chomwecho cha 2006, khoti lalikulu la ku Ireland linakana. Katherine Zappone ndi Ann Louise Gilligan, amene anakwatirana ku Canada mu 2003, anauzidwa kuti ukwati wawo sukudziwika kwawo. Ireland ndi dziko la Akatolika ochuluka, kumene kuthetsa ukwati kunaloledwa pambuyo pa voti ya 1995, ndipo kugonana kwa amuna okhaokha kunali mlandu mpaka 1993. Kumeneko malamulo aakulu sasintha popanda riferendamu. Choncho boma linakhazikitsa bwalo la anthu 100, lokhala ndi nzika wamba 66 zosankhidwa mwachisawawa, andale 33 ndi wapampando, kuti amve mbali zonse. Mu 2013 bwalolo linapempha kuti nkhaniyi ipite kwa anthu. Pa 22 Meyi 2015 anthu 62 mwa 100 alionse amene anavota anati inde, ndipo chigawo chimodzi chokha, Roscommon–South Leitrim, n'chimene chinakana. Palibe dziko lina limene linali litavomerezapo maukwati amenewa pa voti ya anthu onse.

Chimene chimandigwira mtima pa njira ya Ireland ndi zimene zinachitika voti isanafike. Anthu ankayenda khomo ndi khomo madzulo, kugogoda, n'kudzifotokoza kwa munthu amene sanamuonepo. Ana anakhala pansi ndi makolo awo, adzukulu ndi agogo awo, n'kunena zimene anabisa zaka zambiri. Achinyamata okhala ku London ndi kwina anakwera ndege ndi sitima kubwerera kwawo, popeza sakanatha kuvota ali kunja. Otsutsa nawonso, kuphatikizapo mabishopu ndi magulu amene ankati mwana amafunika mayi ndi bambo, anapatsidwa mpata wolankhula poyera. Zotsatira zitatuluka, wokana aliyense ankadziwa kuti amene avomereza ndi anansi ake enieni, mwina ndi mwana wake yemwe. Zinali ngati ukwati umene ankhoswe ambali zonse akhalirapo pansi mpaka kumvana, pomwe wa ku South Africa unafanana ndi wolembetsa kwa DC achibale ena asanakhutire.

Kusakhutira kumeneko kunaoneka. Mu 2008, lamulo lili kale m'mabuku, Eudy Simelane, amene anasewerapo mpira m'timu ya dziko ya Banyana Banyana ndipo sankabisa kuti amakonda akazi anzake, anagwiriridwa ndi kuphedwa ku KwaThema. Mpaka 2020, wogwira ntchito ku ofesi ya Home Affairs ankaloledwa kukana kumangitsa ukwati wotere ngati chikumbumtima chake sichikulola, moti anthu ena ankabwezedwa pa ofesi ya boma ali ndi lamulo kumbali yawo.

Komabe sindingathamangire kunena kuti voti ndiyo njira yabwino. Taganizani kugogoda pakhomo la mlendo kukapempha chilolezo choti mukwatirane ndi munthu amene mwakhala naye zaka makumi awiri, iye n'kukutsekerani chitseko. Ku Ireland zinatha bwino, koma ku Slovenia, m'chaka chomwecho cha 2015, anthu anavota n'kukana, ndipo amene anadzatsegula njira ndi khoti mu 2022. Anthu ochepa akamadikira chifundo cha anthu ambiri, akhoza kudikira mpaka kufa. Makhoti alipo chifukwa cha zimenezi. Ndiponso maiko awiriwa sali pa muyezo umodzi. Ireland inali italemera, ndipo mpingo unali utataya mphamvu zambiri chifukwa cha milandu yozunza ana. South Africa ili ndi nkhanza zochuluka zimene zimagwera akazi a mtundu uliwonse, ndipo sitingaimbe mlandu oweruza chifukwa cha zimenezo.

Pali chinthu chimodzi chimene maiko awiriwa anafanana, ndipo kwathu kuno sichitchulidwa kawirikawiri. Konseko palibe wansembe, m'busa kapena shehe amene amakakamizidwa kudalitsa ukwati umene chipembedzo chake sichivomereza. Chimene chinasintha ndi kaundula wa boma, pamodzi ndi nkhani za chuma cha masiye, penshoni, ndi amene angalankhulire wodwala kuchipatala.

Ku Malawi mkangano sunafike pa ukwati. Lamulo la maukwati la 2015 limati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo kugonana kwa amuna okhaokha kukhoza kutsekeretsa munthu m'ndende zaka 14. Mu Julayi 2023 mipingo ndi Asilamu anachita zionetsero m'mizinda zotsutsa maubwenzi a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo mu Juni 2024 khoti linakana kuchotsa malamulo oletsa kugonanako. Ine ndikuona kuti nkhani ya ukwati imakhazikika bwino kumene anthu akambirana okha monga anachitira ku Ireland, ngakhale zitatenga nthawi. Koma nkhani yoti munthu wamkulu amangidwe kapena kumenyedwa chifukwa cha amene amamukonda si yodikira voti. Pamenepo South Africa inachita bwino kuyambira mu 1998, pamene khoti lake linachotsa mlandu umenewu, zaka zisanu ndi zitatu ukwati usanaloledwe.