Ndalama zopanda kaloba: mmene ma-fund a sharia amasankhira makampani

Amene anatengapo kaloba adziwa mmene K500 imasandukira K750 mwezi usanathe. Mu Cisilamu, phindu lobwera cifukwa cobwereketsa ndalama dzina lake ni riba, ndipo n'loletsedwa, kaya wobwereketsayo ni wa mu komboni kapena ni banki ya pa Cairo Road.

Nanga Msilamu wofuna kusungira ukalamba acite bwanji? Mu unit trust, anthu ambiri amasonkha ndalama, akatswiri n'kuziika mu malonda. Vuto n'lakuti zambiri zimapita mu ma-bond a boma na ma-treasury bill, zimene phindu lake ni ciwongoladzanja.

Apa m'pamene ma-fund a sharia anabwerera. Ku America, Amana Income Fund inayamba mu 1986, ndipo mu 1999 Dow Jones inakhazikitsa mndandanda wa makampani amene Msilamu angagulemo ma-share. Sefa yake ili pawiri. Coyamba amaona malonda a kampani: mowa, nyama ya nkhumba, njuga na mabanki a ciwongoladzanja, zonse kunja. Caciwiri amatsegula mabuku. Bungwe la AAOIFI la ku Bahrain limafuna kuti nkhongole za ciwongoladzanja zisapitirire 30 peresenti ya mtengo wa kampani pamsika, komanso ndalama zobwera mwanjira yoletsedwa zisapitirire 5 peresenti ya zimene kampani yapeza. Kagawo kodetsedwako sakudya ayi, amakapereka kwa osauka. Gulu la akatswiri a sharia ndilo limayang'anira zonsezi.

Tsopano tengani sefayi muipititse pa Lusaka Securities Exchange. Zambian Breweries na National Breweries zatsikira pa siteshoni yoyamba. Zanaco na Standard Chartered nazo pansi. BAT Zambia, ma-fund ambiri amaikana cifukwa ca fodya. Zambeef, imene ambiri timaiona monga ya ng'ombe na nkhuku, ilinso na Master Pork, ndiye akatswiri ayenera kuwerengera kuti nkhumba imabweretsa zingati. Otsala mu basi ni ocepa, ndipo fund ya makampani ocepa imagwedezeka msanga imodzi ikadwala. Bank of Zambia inatulutsa malangizo a mabanki a Cisilamu mu 2014, koma malangizo paokha sawonjezera makampani pamsika.

Osaganiza kuti kupanda ciwongoladzanja ndiye kupanda kuluza. Mfundo ya sharia ni yakuti wofuna phindu agawaneko na ngozi, conco ma-share akagwa, ndalama zanu zagwa nazo. Mu 2008 mabanki aakulu atagwa ku America, ma-fund awa anapumako cifukwa analibe ma-share a mabanki. Lero aja a pa dziko lonse adzaza na makampani a tekinoloje monga Apple na Microsoft, ndiye mphepo ikaomba kumeneko, amaimva kwambiri.

Sakufunsani cipembedzo polowa. Ndipo ngati muli mu cilimba, mwaiyamba kale nkhaniyi: mumasonkha K200, mumalandira zimene munasonkha, popanda ngwee yapamwamba. Village banking, imene imakula na ciwongoladzanja ca nkhongole za mamembala, siingapite pa sefayi.